Diresi Lopanda Thumba

Tauni yathu ili ndi msewu umodzi wa phula, ndipo ukayetsemula kumtunda kwake, akumunsi amakufunsa za chimfinecho usanafike n'komwe. Alendo amabwera kudzakwera mapiri, kujambula mathithi ndi kugula tizosemasema, kenako amakwera magalimoto awo n'kupita. Otsalafe timatsala tikuyang'anana. Ine ndine telala. Ndimasoka makatani a m'maloji, mayunifolomu a ana a sukulu ndi zovala za kwaya, kutanthauza kuti chakudya changa chili m'manja mwa anthu amene amafuna kudziwa kumene ndinagona dzulo.

Kuseri kwa khoma la shopu yanga kuli saluni ya achemwali anga. Khomalo ndi la matabwa, moti makina anga akamalira iwo amamva, ndipo iwo akaseka ine ndimakhotetsa msoko. Achemwali angawo ndi munthu wamtima wabwino, koma pakamwa pawo anaiwala kuikapo chitseko. Nkhani ikalowa mu saluni m'mawa ili khanda, pofika madzulo imatuluka itamera ndevu. Sachita dala kuti apweteke munthu ayi. Kungoti manja akamaluka tsitsi, lilime nalo limafuna ntchito.

Ukwati wanga unatha kalekale, popanda phokoso. Zaka makumi anayi ndinazidutsa, ndipo ndinachedwa kuvomereza chimene ndimakonda. Ndinene mosapsatira: ndimakonda kumangidwa ndi chingwe, ndi munthu amene ndamusankha ndekha, titagwirizana bwinobwino. Si kumenyedwa, si kuzunzidwa. Tsiku lonse ndimakhala ndikulamula nsalu, kukangana ndi makasitomala, kuganizira zipi ya uyu ndi batani la uyo. Ndiye pali mtendere wina umene ndinkaulakalaka, woti manja akhale chete, wina azisamala zonse, ine n'kungopuma. Amene sazimva sazimva, ndipo sindilimbana nawo.

Pa foni pali malo amene anthu okonda zoterezi amadziwanirana. Ambiri amene ankandilembera anali alendo odutsa. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ubwino wake ndi womwewo, kuopsa kwakenso ndi komweko. Sadzakhala pano n'kumafalitsa nkhani yako, komanso akakuchita chipongwe sudzamupeza. Choncho aliyense ndinkamufunsa funso limodzi: ndikanena kuti basi, mfundo n'kukana kumasuka, mudula chingwe? Wina anaseka, n'kunena kuti chingwe chake n'chodula, sichidulidwa wamba. Wina anati mkazi wa malamulo ambiri ndiye kuti sakudziwa chimene akufuna. Onsewo ndinawatsekera panja, n'kubwerera ku makatani anga.

Kenako panabwera bambo wina woyeza maso wa mu mzinda, amene akazi ake anamwalira, ndipo amabwera kuno kawirikawiri kudzayenda m'mapiri. Nditamufunsa funso langa lija anayankha kuti, "Sizasi ndimayenda nayo. Koma ngati muli ndi yanu imene mumaidalira, mubwere nayo." Kuuza telala mawu amenewo kuli ngati kumuimbira nyimbo. Tinacheza nthawi yaitali, kuonana nkhope pa foni, kuuzana zimene ndimalola ndi zimene sindilola ngakhale pang'ono. Nkhanga zinapangana kusanapse. Atafika m'tauni tinakumana masana pamalo omwera tiyi, pakati pa anthu, ngati kasitomala ndi telala wake. Anandionetsa chitupa chake ndisanapemphe, ndipo ndinachijambula pamodzi ndi nambala ya galimoto yake. Mowa tinagwirizana kuti usakhalepo.

Ndiye anafunsa funso limene sindinaliyembekezere.

"Zithunzi mwajambulazi mukutumizira ndani?"

Ndinayamba kutakasa tiyi wopanda shuga.

"Mayi," anatero mofatsa, "inu mukundiona wabwino, mwina ndine wabwinodi. Koma simungadziwe. Pakhale munthu wodziwa kumene muli, wokuimbirani, woti mukapanda kuyankha abwere. Popanda ameneyo, tizingomwa tiyi. Tiyinso ndi wabwino."

Ndinabwerera ku shopu ndikuwerenga anthu m'mutu. Anzanga a kwaya? Akanandipempherera mokweza mpaka tauni yonse kumva. Mayi wogulitsa nsalu? Ameneyo akhoza kusunga chinsinsi, koma foni ikapanda kuyankhidwa akhoza kungoti mwina netiweki, n'kupitiriza kuyeza nsalu. Munthu mmodzi yekha m'tauni muno ndi amene akanathyola chitseko chifukwa cha ine, ndipo munthu wake anali yemwe uja wopanda chitseko pakamwa. Ndikawauza, mayunifolomu ndi zovala za kwaya zikhoza kusamukira kwa telala wina sabata isanathe. Ndikapanda kuwauza, ndiye kuti ndilowe m'chipinda ndi mlendo popanda wodziwa, kapena ndiiwale zonse mpaka kukalamba. Ndinachita mantha, ndipo sindibisa.

Madzulo, makasitomala atatha, ndinawapeza achemwali akusesa tsitsi pansi. Ndinatseka chitseko cha saluni ndekha.

"Iwe, watseka bwanji? Wapha munthu?"

"Achemwali, khalani pansi. Ndili ndi nkhani, koma ikatuluka muno ndasamuka."

Maso awo anawala ngati a mwana woona switi. Anakhala pampando wa makasitomala, tsache lili m'manja. Ndinawafotokozera zonse ndikuyang'ana pansi, pa mulu wa tsitsi. Nditamaliza, anaika tsache pansi.

"Chingwe," anatero kenako. "Ngati mbuzi?"

"Achemwali!"

"Ayi ndikungofunsa, ndidziwe. Iwe mng'ono wanga, anakuchita chiyani amuna ako aja? Kapena wina akukukakamiza? Undiuze zoona, ndimupeza."

"Palibe akundikakamiza. Ndimafuna ndekha. Ndakhala ndikufuna kuyambira kale, kungoti manyazi."

Kenako anapumira m'mwamba. "Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ine sindikuzimvetsa, ndipo usandifotokozerenso, mutu ungandipweteke. Koma ukufuna ndichite chiyani?"

Ndinawatumizira chithunzi cha chitupa, nambala ya galimoto, dzina la loji ndi chipinda chake, chakumapeto kwa khonde. Ndinati mawa masana, ana a sukulu akamadutsa poweruka, andiimbire. Ndikayankha n'kunena kuti ndili bwino, basi. Ndikapanda kuyankha, abwere, asadikire.

"Ndibwere ndi chiyani? Mpini?"

"Mungobwera. Koma achemwali, chonde, pakamwa."

"Pakamwa panga patani?" anafunsa mokwiya, ngati kuti aka kanali koyamba kumva. Atayang'ana chithunzi chija anagwedeza mutu. "Ndiye Achingwe ake ndi amenewa? Nkhope ngati msungichuma wa mpingo. Dziko lino!"

Usiku umenewo ndinamalizitsa diresi limene ndinkadzisokera, labuluu, logwira bwino m'chiuno. Makasitomala anga onse ndimawaikira matumba, chifukwa ndimadana ndi chovala chopanda poika kanthu. Koma ili ndinafuna kuti ligwe mosalala m'mbali, ndiye thumba sindinaike. Tsiku lotsatira nditadya chamasana ndinavula epuloni yanga, n'kuikoloweka pamsomali kuseri kwa makina, monga ndimachitira. Ndinavala diresi lija, ndinanola sizasi yanga yaikulu, ndinaiika m'chikwama pamodzi ndi tepi ndi makatani awiri opinda. Ku loji kuja makatani onse ndinasoka ndine, ndipo ndimalowera ku geti la kochapira. Telala wonyamula makatani palibe amamuyang'ana kawiri. Ndinaganizira zonse, kupatula chinthu chimodzi: foni yanga imakhala m'thumba la epuloni, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, zaka zonsezi.

M'chipindamo munali mowala, mawindo otsegula pang'ono, makatani anga omwe akugwedezeka ndi kamphepo. Bambo woyeza maso uja anali atayala zingwe zake pabedi, zofewa, zopindidwa mwaudongo, zooneka kuti mwini wake amazisamala. Anatenga sizasi yanga n'kuiika pakatebulo, pafupi ndi dzanja lake. Kenako anandifunsanso zonse zimene tinagwirizana, chimodzichimodzi, ngati akuyeza maso: apa mukuona bwino, nanga apa? Kukhosi ayi. Zithunzi ayi. Ndikati basi ndi basi.

"Wokuimbirani uja alipo?"

"Alipo. Achemwali anga. Foni ili m'chikwamamo."

Ndinanena ndi mtima wonse, chifukwa ndinkakhulupirira kuti ilimo.

Anayamba ndi manja, pang'onopang'ono, chingwe chikudutsa pamwamba pa diresi langa labuluu. Ankati akamanga mfundo, amalowetsa chala kuti aone ngati sichikuthina, n'kundiuza kuti ndigwedeze zala. Mantha anga anasungunuka. Ndinamva mapewa akutsika, mapewa amene akhala ali m'mwamba kuyambira tsiku limene ndinagula makina. Ndinatseka maso. Chapatali ndinamva phokoso la ana akuweruka, ndipo ndinaganiza mwaulesi kuti foni ilira posachedwa. Sinalire, ndipo mtendere unali wochuluka moti sindinadabwe.

Zimene zinkachitika ku saluni ndinazimva pambuyo pake. Achemwali anali pakati poluka mayi wina, mutu theka wolukidwa theka uli nyankhalala. Ana atangoyamba kudutsa, anapukuta manja n'kuimba. Foni inalira kuseri kwa khoma, m'shopu yanga yokhoma. Anadula, n'kuimbanso. Inaliranso komweko, m'thumba la epuloni. Munthu wina aliyense akanaseka n'kunena kuti waiwala foni chitsiru ameneyu, ali bwino. Iwo akuti anaganizanso choncho. Koma kenako anadzifunsa kuti, nanga ngati sali bwino, andiuza ndi chiyani? Anatenga kiyi wanga wapadera amene amasunga, anatulutsa foni, anauza mayi uja kuti agwire chipeso, n'kuuyatsa ulendo atavala masilipasi.

Polandirira alendo pa loji panali mtsikana amene amaluka tsitsi kwa achemwali omwewo. Anawaletsa mwaulemu. Kuzipinda sikulowa munthu amene si mlendo, ndi lamulo la abwana, pokhapokha atanena chimene akufuna ndi amene akumufuna. Apa ndi pamene achemwali anga anaima pamphambano. Mawu anali pafupi, afupiafupi: mng'ono wanga ali m'chipinda chakumapeto ndi mwamuna. Mtsikanayo akanawalola nthawi yomweyo, ndipo pofika madzulo ine ndikanakhala nyimbo.

"Amuna anga ali m'chipinda chakumapeto ndi mkazi!" anakuwa achemwali. "Ndichokere, ndisanakuphatikize!"

Amuna awo, alamu anga, ndi kalipentala wofatsa ngati nkhosa, amene nthawi imeneyo anali akupala thabwa kuseri kwa msika osadziwa kuti akuchita chigololo. Mtsikana uja anapatuka, n'kuwatsata pambuyo, oyeretsa awiri ndi mlonda nawonso osafuna kutsala.

Ine ndinangomva chitseko chikugundidwa ngati kwabwera apolisi, ndi mawu amene ndimawadziwa kuyambira ndili kumbuyo kwa amayi. Ndinakoka manja mosaganiza, mfundo n'kulimba.

"Basi," ndinatero. "Basi!"

Bamboyo sanafunse, sanayese n'komwe kumasula. Anatola sizasi yanga, ndipo ndinamva kulira kwake kumene ndimakudziwa, khwe, khwe, chingwe chake chokongola chija chikugwera pansi zidutswazidutswa. Anandigwira m'manja, n'kuyang'ana zala zanga.

"Muli bwino? Ameneyo ndi wokuimbirani uja?"

"Ndi iwowo."

"Ndiye munasankha bwino," anatero, n'kuvala magalasi ake.

Ndinabisala kuseri kwa chitseko. Bamboyo atangotsegula pang'ono, achemwali analowa ngati mphepo, n'kumenyetsa chitseko pamaso pa gulu lija. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi, akupuma wefuwefu, silipasi imodzi itaduka. Anaona zidutswa za chingwe pansi, anaona sizasi m'manja mwa bamboyo, anaona nkhope yanga.

"Wakupweteka?" ananong'ona.

"Ayi, achemwali. Ndili bwino. Ndanena kuti basi, ndiye adula."

Anandiponyera foni pachifuwa. "Telala wanji wosoka diresi lopanda thumba? Ufuna kundipha ndi mtima?" Maso awo anali atadzaza misozi. Anatembenukira kwa bambo uja. "Inu Achingwe, pepani chifukwa cha phokoso. Koma mukadzamukanda ngakhale pang'ono, nambala ya galimoto yanu ndili nayo."

"Muisunge bwino, mayi," anayankha.

Achemwali anakonza mpango wawo, anapuma kamodzi, n'kutuluka akukoka chitseko kumbuyo. Ndinawamva pakhonde akulankhula mokweza kuti aliyense amve. "Si iwo! Ndi bambo wina wosalakwa. Anandinamiza anthu. Tiyeni, mukuonerera chiyani, simunaonepo munthu akupenga?" Mapazi aja anawatsata, kuseka kukumveka pansipansi. Ine ndinakhala pabedi, n'kuyamba kuseka, kenako kulira. Bamboyo anandithirira madzi akumwa, n'kukhala pambali panga akutola zidutswa za chingwe chake. Ndinapepesa. Anati chingwe amagula, ndipo tsiku lina, ndikadzafuna, tidzayambira pamene tinasiyira, foni ili pakatebulo pamene tonse tikuiona. Kunja kutazizira ndinatulukira ku geti la kochapira, makatani anga kukhwapa.

Pofika m'mawa nkhani inali itamera ndevu zake. Ena amati achemwali anathyola chitseko ndi mwala. Ena amati alamu anathawira pawindo atanyamula nsapato. Amuna a pamalo okwerera basi anayamba kuwapatsa alamu moni waulemu umene sanaulandirepo. Iwo anabwera ku shopu kwanga kudzasoketsa buluku long'ambika pabondo, n'kukhala pabenchi akukanda mutu.

"Alamu," anatero, "akazi anga akuti analota ndili ku loji ndi mkazi, ndiye anapita kukaona. Akuti andikhululukira. Ine ndathokoza, nanga ndikanatani? Koma ndinawafunsa kuti m'malotomo ndinali nditavala bwino, sanandiyankhe."

Ndinawasokera bulukulo mwachangu, osayerekeza kuwayang'ana kumaso.

Chimene sindinachiganizire ndi kuchuluka kwa anthu amene achemwali anawajedapo m'tauni muno. Onse anabwera kudzabweza. Saluni inadzaza ndi azimayi amene tsitsi lawo linali lisanafike pomasula. Ankakhala pamzere, n'kumafunsa mwachifundo chonamizira ngati abambo akunyumba ali bwino, ngati silipasi ija inapezeka. Mayi wa mutu wa theka uja ankafotokoza mbali yake tsiku lililonse, chipeso chikukulirakulira. Achemwali anga, amene moyo wawo wonse ndi iwo amaseka anzawo, anakhala chosekedwa pampando wawo womwe. Ndipo m'kamwa mwawo munali nkhani yokoma kuposa zonse zimene anafotokozapo, nkhani yoti atangoitulutsa, azimayi onsewo akanaiwala za silipasi n'kutembenukira ku khoma langa.

Ine ndinkamva zonse kudzera m'matabwa aja. Tsiku lina masana ndinatenga diresi labuluu lija, ndinamasula msoko wa m'mbali, n'kudula kansalu ka thumba. Ndili mkati mosoka, ndinamva mawu a mayi wotsogolera kwaya, yemwe amandipatsa ntchito yambiri kuposa aliyense.

"Koma tiuzeni zoona, anzathu. Munalowa mpaka m'kati, n'kutseka chitseko. Munapezamo ndani? Mtsikana wa pa loji akuti anamva ngati mawu a mkazi."

Phazi langa linachoka pa makina lokha. Mu saluni munali zii, makina owumitsira tsitsi okha akulira. Ndinkawadziwa achemwali anga. Ndinkadziwa mmene nkhani imawayabwira pa lilime, mmene amakokera mpweya asanayambe, ndipo ndinawamva akuukoka.

"Bambo wa magalasi," anatero, "ali yekhayekha, akuwerenga nyuzipepala. Mawu a mkazi anali anga, ndikupepesa. Sekani, ndinadzichitira ndekha. Weramani mutu, mayi, ndingakuotcheni khutu."

Azimayi anaseka chikhakhali, wina mpaka kuwomba m'manja. Phokoso lisanathe, ndinamva kugogoda pakhoma, pafupi ndi msomali wa epuloni.

"Atelala! Makina aima bwanji kumeneko? Mwagona?"

"Ayi, achemwali," ndinayankha. "Ndikusoka thumba."

"Likhale lalikulu," anatero. "Ine masilipasi andithera."

Ndinapukuta maso ndi kansalu kotsala, n'kubwezera phazi pa makina.